Kukatenga Levi pa Phiri la Rwenzori

Chimene chinachotsa Veronika pa benchi yake ya zitenje pa boda ya Mchinji n'kumufikitsa paphiri la madzi oundana ku Uganda inali foni imene analandira m'mwezi wa Julaye.

Mlongo wake wamng'ono, Levi, anachoka kwawo ku Chiosya ndevu zitangoyamba kumera. Atsibweni awo, a Goodwin, dalaivala wa thiraki wa pa Kamwendo, anamutenga kuti aziwathandiza pamsewu. Ulendo wina atafika ku Kasese, tauni ya m'munsi mwa mapiri a Rwenzori, Levi anakana kubwerera. Anapeza ntchito yonyamulira alendo katundu kuphiri, kenako anaphunzira kuwatsogolera mpaka pansonga, ndipo anakwatira mkazi wa konko dzina lake Biira, amenenso ankagwira ntchito yomweyo. Chaka china nkhungu itatseka phiri, Levi anamasula chingwe chake kuti akathandize mlendo amene anatsalira, ndipo anagwera mumng'alu wa ayisi. Anamufunafuna osamupeza. Ku Chiosya analira maliro opanda mtembo.

Panapita zaka. Tsopano pa foni panali Biira, akuyankhula Chichewa chothyokathyoka chimene anaphunzira kwa mwamuna wake, chikamuthera n'kumaonjezera Chizungu.

"Alamu, ndamuona," anatero Biira. "Ayisi wasungunuka kwambiri chaka chino. Levi ali pafupi ndi kunja. Akuluakulu oyang'anira phiri alola kuti timutulutse, koma akufuna wachibale wa kwawo akhalepo. Bwerani msanga nyengo isanasinthe."

Veronika anatseka benchi n'kukwera kabaza wopita kumudzi. Mayi ake, a Esitele, anamva nkhaniyo ali pa mphasa akusenda mtedza. Anasiya kusendako, manja ali m'lichero.

"Mukamutenge," anatero. "Ndikufuna ndizidziwa pamene wagona."

A Goodwin atafika sanafune zokambirana zambiri. "Mwini mbumba ndine," anatero. "Munthu wofera kutali amafunika kumuuza pamalo pomwe anafera kuti tiye kwathu. Kupanda kutero amavuta panjira. Ndikwera phirilo ndekha ndi miyendo yangayi."

"Vero apite nanu, achimwene," anatero a Esitele. "Inu simudziwa kudzisamala."

Anayenda m'mathiraki a anzawo a a Goodwin, kudzera ku Chipata, ku Nakonde, kudutsa Tanzania yense mpaka kulowa Uganda. Atafika ku Kasese mapiri sanaoneke. Kumene anthu ankaloza kunali mitambo yokhayokha, yakuda pansi ngati utsi wa matayala.

Biira anali mkazi wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda kuseka. Anakumbatira Veronika nthawi yaitali, kenako anakhuthula zikwama zawo pansi n'kuyamba kusankha. Jekete lalikulu lachikopa la a Goodwin analiika pambali.

"Ili litsale, atsibweni. Likanyowa silimauma."

"Jekete limeneli ndagona nalo m'chisanu cha ku Mbeya," anatero a Goodwin.

"Ku Mbeya madzi saundana m'botolo. Kumene tikupita amaundana."

Anawapatsa zovala zopepuka zovala mosanjikiza, magolovesi awiriawiri, magalasi akuda ndi nsapato zolimba. Anawaonetsanso mnzake wa ntchito, Masereka, mwamuna wamtali wa mano otalikirana, amene anali ndi Levi tsiku la ngozi lija. Amuna ena awiri a gulu lopulumutsa anthu kuphiri ananyamula machira opinda ndi zitsulo zoswera ayisi. Panalinso anyamata angapo onyamula katundu wa paulendo.

"Malamulo ndi ochepa," anatero Biira. "Muziyenda pang'onopang'ono. Muzimwa madzi ngakhale mulibe ludzu. Kumwamba mpweya ndi wochepa, ndiye mutu ukayamba kuwawa, kapena chifuwa chikayamba, mundiuze nthawi yomweyo. Matenda a kumwamba mankhwala ake enieni ndi kutsika. Wobisa amafa."

A Goodwin anagwedeza mutu ngati akumvera wapolisi wapamsewu.

Masiku oyamba anayenda m'nkhalango yonyowa, momwe mitengo inkadontha madzi ngakhale kusakugwa mvula. Anadutsa m'nsungwi zothithikana, anaoloka mitsinje yokokoma pa milatho ya mitengo yoterera. Kenako anafika m'madambo a matope akuda. Munthu ukaponda pambali pa tsinde la udzu unkamira mpaka m'mawondo, ndipo kutulutsa mwendo kunkamaliza mphamvu zonse. Mitengo inali itakutidwa ndi ndere zolendewera. Kumtunda kwake kunamera zomera zachilendo, zooneka ngati kabichi wobzalidwa pamwamba pa mzati.

Veronika anazolowera kunyamula mabelo a zitenje, koma apa ankapuma ngati wathamangitsidwa. Zala zake zinkachita dzanzi m'mawa uliwonse. A Goodwin poyamba ankatsogola, akucheza ndi Masereka m'Chiswahili chawo cha pamsewu. Pang'ono ndi pang'ono macheza anachepa, ndipo anayamba kutsalira.

Kanyumba komaliza kanali ka matabwa, komangidwa pa thanthwe lopanda udzu. Atafika pamenepo masana, mitambo inang'ambika kwa kanthawi, ndipo Veronika anaona chimene anadzera. Pakati pa nsonga ziwiri zakuda panagona chimtsinje cha ayisi, choyera pamwamba, chobiriwira m'ming'alu, chosayenda. Mphepo yochokera kumeneko inamulowa m'mano.

"Ali uko," anatero Biira, akuloza ndi chibwano. "Chakumanzere, pamene ayisi wasweka."

Masana omwewo Biira anawatengera pa kamtunda ka chipale, ufa woyera wozizira umene umagwa kuchokera kumwamba m'malo mwa mvula. Anawamangirira zitsulo za mano kunsi kwa nsapato, anawaveka malamba a m'chiuno omangirapo chingwe, ndipo aliyense anamupatsa kankhwangwa kachitsulo.

"Tanyulani miyendo poyenda, mano angakole buluku," anatero. "Chingwe chikhale chokoka, chisakhwepe. Mnzako akagwa, usamuthamangire. Gwa pansi chafufumimba, ubaye nkhwangwa mu ayisi, ugonepo ndi chifuwa. Tiyeni, gwani."

Anagwa, kudzuka, kugwanso, mpaka mawondo anatupa.

Dzuwa likupendeka, Veronika anapita kuseri kwa kanyumba kukatunga madzi. Anapeza a Goodwin atagwira thanthwe, akutsokomola m'chipewa kuti asamveke. Chifuwacho chinali chouma, chosalekeza.

"Atsibweni, chayamba liti?"

"Ndi fumbi la m'mathiraki," anatero a Goodwin.

"Kuno kulibe fumbi. Ndikukawauza alamu."

A Goodwin anamugwira dzanja. Maso awo anali ofiira. "Vero, ukanena andisiya pano. Ndachokera ku Kamwendo kudzathera pakhomo pa kanyumba aka? Ndikawauza chiyani mayi ako? Kwatsala mawa lokha. Tikamutenga, tikutsika."

Veronika anayang'ana kuphiri, anayang'ana atsibweni ake. Anabwerera m'kanyumba ndi madzi. Biira atafunsa aliyense za m'thupi, a Goodwin anayankha mwamphamvu kuti ali bwinobwino, ndipo Veronika anayang'ana m'kapu yake ya tiyi.

Ananyamuka kum'mawa kutangoyamba kuyera. Matanthwe anali atakutidwa ndi ayisi wopyapyala ngati galasi, ndipo m'malo otsetsereka ankakwera atagwira zingwe zomangidwa kale, zolimba ndi chisanu ngati waya. Atafika m'mphepete mwa ayisi, Biira anawamanga pa chingwe chimodzi: iye patsogolo, Veronika pambuyo pake, kenako a Goodwin, Masereka kumapeto. Amuna awiri a machira anamangana pa chingwe chawo.

"Mitambo imakwera masana," anatero Biira. "Isanafike, tikhale titachoka pano. Muziponda pamene ndaponda ine."

Ankayenda akubaya ndodo m'chipale patsogolo pake. Penapake ndodo inkalowa yonse osagunda kanthu, ndipo ankabwerera n'kuzungulira. Pamalo oonekera kwambiri ankabaya timitengo ta nsungwi tomangidwa nsanza zofiira, kuti pobwerera adzaone njira. Veronika ankamva madzi akuyenda pansi pa mapazi ake, kutali mkati. Nthawi zina ayisi ankalira ngati thabwa likusweka. Chingwe cha kumbuyo kwake chinkamukoka kawirikawiri. A Goodwin ankaima, kupuma, kuyenda pang'ono, kuimanso.

Anafika pamalopo dzuwa litakwera. Unali mng'alu wotambalala ngati msewu wa ngolo, makoma ake obiriwira, pansi pake posaoneka. Masereka ndi anzake anakhoma zitsulo mu ayisi n'kumangapo zingwe. Biira anagwada m'mphepete n'kuyang'ana pansi nthawi yaitali.

"Ali pa kashelefu apo, m'khoma," anatero. "Alamu, mutsike mumuone. Tikugwirani."

Veronika anatsetsereka chambuyo, mano a nsapato akukanda khoma. Phokoso la mphepo linatha. Munali kuzizira kwa mtundu wina, kokhala ngati kukutuluka m'makoma. Mapazi ake atagunda kashelefu, anatembenuka.

Levi anali m'kati mwa ayisi, pafupi kwambiri moti phewa la jekete lake lofiira linali litatulukira kunja. Anagona chammbali, dzanja limodzi lili pansi pa tsaya. Khungu linali litada ndi kuuma, koma nkhope inali yake. Chipsera cha pachipumi, chimene anavulala atagwa pa ngolo ali mwana, chinali pomwepo. Veronika anali atamera imvi m'zaka zimenezi. Levi analibe ngakhale imodzi.

Anaika dzanja pa ayisi, pafupi ndi tsaya lake. Sanathe kulira. Mpweya sunkakwanira.

"Ndi iyeyo?" anafuula Masereka kuchokera kumwamba.

"Ndi iyeyo!"

Mmodzi wa amuna a machira anatsika n'kuyamba kuswa ayisi mozungulira thupilo. Ayisiyo anali wolimba ngati konkire. Chitsulo chinkangochotsa tizidutswa tating'ono. Atagwira ntchito nthawi ndithu, anali atangomasula mkono umodzi. Anapukusa mutu n'kuyankhula m'chinenero chawo, ndipo Veronika anamva tanthauzo lake popanda womasulira: ntchitoyi inali yotenga tsiku lonse.

Kenako Biira anaitana, mawu ake atasintha. "Alamu, kwerani. Tsopano."

Atamukokera kunja, Veronika anapeza a Goodwin atakhala pa chikwama, Masereka atawagwira kumsana. Milomo yawo inali yotuwa. Akapuma, m'chifuwa munkamveka ngati madzi akuwira. Pa chipale patsogolo pawo panali thovu lofiirira limene analavula.

"Chayamba liti chifuwachi?" anafunsa Biira.

"Dzulo," anatero Veronika. "Ndinawamva dzulo."

Biira anamuyang'ana kamodzi kokha. Anawapatsa a Goodwin mapiritsi, n'kuwauza kuti aimirire ayende molunjika. A Goodwin anaimirira, anaponda kawiri, n'kugwera pa Masereka.

"Madzi alowa m'mapapo," anatero Biira. "Akakhala kuno mpaka madzulo, sakafika pansi amoyo. Ndipo taonani uko."

Kuchigwa kumene anachokera, mitambo inali ikukwera, yakuda, yothamanga, nthawi yake isanakwane.

"Machira tili nawo amodzi," anatero Biira. "Anthu onyamula ndi omwewa. Sitingatenge onse awiri."

"Mutenge mwanayo," anatero a Goodwin, mawu akuduka. "Ine ndikhala pompano. Mumalize kukumba. Ndayenda ulendo wonsewu chifukwa cha iyeyo."

"Atsibweni, simungathe..."

"Ndanena ine! Mbumba ndi yanga!" Chifuwa chinawagwira, ndipo anapinda msana mpaka chipumi chinagunda mawondo.

Biira anatembenukira kwa Veronika. Nkhope yake inali youma. "Uyo ali pansiyo ndi mwamuna wanga," anatero motsitsa. "Ndamudikira zaka zonsezi. Chipale chikagwa lero chimukwiriranso, ndipo ayisi amayenda. Mwina sitidzamuonanso. Koma ine ndikuti titsike. Inu mukuti bwanji? Atsibweni akumverani inu, osati ine."

Veronika anayang'ana mng'alu uja. Anaganiza za mayi ake pa mphasa, manja ali m'lichero. Mphepo yoyamba inafika n'kumuwaza chipale kumaso.

"Tambasulani machira," anatero. "Agonekeni atsibweni."

A Goodwin anayesa kukana, koma analibe mphamvu zokankha munthu. Akuwamanga m'machira anagwira mkono wa Veronika. "Sindinamuuze," anatero. "Sanauzidwe."

Veronika anakwawa mpaka m'mphepete mwa mng'alu, Biira atagwira chingwe chake. Phewa lofiira linkaoneka pang'ono pansipo.

"Levi," anaitana. "Ndine Vero, mlongo wako. Ndabwera ndi atsibweni. Amayi anatituma kudzakutenga, koma atsibweni adwala, ndiye thupi lako tikulisiya. Usakwiye. Iweyo dzuka, tiye kwathu ku Chiosya. Usatsalire kuno kozizira. Usativute panjira."

Biira ananena mawu ochepa m'chinenero chake, n'kudzuka msanga. "Tiyeni."

Asanayende kutali nkhungu inawapeza. Kumwamba ndi pansi zinasanduka chinthu chimodzi choyera. Veronika sankaona Biira, ankangoona chingwe chikulowa m'nkhungu patsogolo pake. Tsopano pa chingwecho anali awiri okha, chifukwa amuna atatu aja ankakoka machira pambuyo, akuwatsetseretsa pa chipale. Mapazi awo a m'mawa anali atafufutika. Biira ankayenda kuchoka pa kamtengo kofiira kupita pa kena, ndipo pena ankaima nthawi yaitali akufufuza, mphepo ikumukankha.

"Kamtengo kagwa!" anafuula nthawi ina. "Imani pomwepo! Musasunthe!"

Veronika anaima. Chipale chinkamuwomba chammbali n'kumatirira pa magalasi. Anamva a Goodwin akutsokomola kumbuyo, ndipo anathokoza kuti akadatsokomola. Zala za kumapazi sankazimvanso.

Chingwe chinakoka, ndipo anayamba kuyenda. Anaponda m'mapazi a Biira monga anauzidwa. Koma malo amene ananyamula Biira sanamunyamule iye. Anamva pansi pakufewa, kenako panalibenso pansi.

Anagwa ndi chipale chambiri, n'kumenyetsa phewa kukhoma. Lamba wa m'chiuno anamugwira mwamphamvu moti mpweya unamuthera. Anatsikanso pang'ono, pang'ono, kenako anaima. Anali akulendewera m'mdima wobiriwira, akuzungulira. Pansi pa nsapato zake panalibe kanthu. Golovesi la dzanja lamanja linali litavuka, ndipo analiona likugwa mpaka kuzimiririka osamva pamene lafikira.

"Alamu!" Mawu a Biira anamveka kutali. "Mwavulala?"

"Sindikudziwa!"

"Musagwedezeke! Ndagona pa nkhwangwa! Masereka akubwera!"

Chingwe chinali chitadya m'mphepete mwa mng'alu, ndipo chikasuntha pang'ono, zidutswa za chipale zinkamugwera kumutu. Veronika analowetsa dzanja lopanda golovesi m'khwapa. Anayamba pemphero koma mawu anasokonekera, ndipo anangobwereza dzina la mwana wake wamkazi, Shalom, amene anamusiya kwa anansi pa boda.

Sanadziwe kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Pomaliza chingwe china chinatsika pafupi ndi nkhope yake, chili ndi ngowe yachitsulo kunsonga.

"Kolani pa lamba!" anafuula Masereka m'Chizungu. "Mutseke bwinobwino!"

Zala zinakana kupinda. Anayesa ndi dzanja lamanzere, ngowe inaterereka. Anatulutsa dzanja lamanja, loyera kunsonga ngati kandulo, n'kukankha ndi chikhatho mpaka chitsulo chinalira kuti chatseka.

"Kokani!"

Anamukoka pang'onopang'ono, iye akuponda khoma ndi mano a nsapato. Pamlomo pa mng'alu anakanirira, mutu uli m'chipale, mpaka dzanja la Masereka linamugwira kolala n'kumusolola. Anagona chafufumimba akusanza. Patsogolo pake Biira anali akadagona pa nkhwangwa yake, chipale chitamukwirira theka. Kumbuyo kwa mapazi ake kunali mzere wautali pamene chingwe chinamukokera asanaime.

Biira anadzuka, anavula golovesi lake lakunja n'kumuveka Veronika. "Musazitikite zalazo," anatero. "Dzukani. Atsibweni alibe nthawi."

Anatuluka pa ayisi matalala akugwa. Pa matanthwe anatsitsa machira ndi zingwe, malo ndi malo, amuna akufuulirana. Atafika pa kanyumba ka matabwa, Veronika anaganiza kuti apuma, koma Biira anangolola tiyi wotentha.

"Pano m'pamwamba kwambiri," anatero. "Tiyenera kuwatsitsa mpaka kanyumba ka kumunsi kusanade."

Onyamula katundu amene anatsala pa kanyumbako analandira machira, ndipo anatsika nawo m'matope ngati akuthamanga. Veronika ankawatsatira akugwa ndi kudzuka. Ankati akawapeza, ankasendera pafupi ndi machira kuti amve ngati atsibweni akupuma. Nthawi ina sanamve kanthu, ndipo anakuwa kuti aime. Biira anaika khutu pachifuwa pawo.

"Agona," anatero. "Kupuma kwayamba kumasuka. Tiyeni."

M'mawa mwake, pa kanyumba ka kumunsi, a Goodwin anatsegula maso n'kupempha madzi. Milomo inali itabwerera mtundu wake. Anayang'ana denga nthawi yaitali.

"Tamusiya," anatero.

"Tamusiya," anatero Veronika.

A Goodwin anatembenukira kukhoma.

Anagona m'chipatala ku Kasese masiku angapo. Zala ziwiri za Veronika zinatupa matuza n'kuda kunsonga, koma adokotala anati sazidula. Kuphiri chipale chinagwa osalekeza. Nyengo itatseguka, Masereka anakwera kukaona, ndipo anabwerera ndi uthenga wakuti mng'alu wonse wakwiririka, ngakhale zitsulo zimene anakhoma sizikuoneka.

Biira anawaperekeza kokwerera basi. Kwa a Goodwin anagwada pang'ono, monga Levi anamuphunzitsira. Veronika anamutengera pambali.

"Alamu, za chifuwa zija. Ndikanakuuzani tsiku lomwelo."

"Mukanandiuza," anatero Biira. "Tikanawasiya pa kanyumba, ndipo mwina tikanamutulutsa." Anamukonzera bandeji imene inkamasuka. "Komanso mwina mitambo ikanatipeza tonse tili m'dzenje muja. Sindikudziwa. Ine ndimadutsa pamenepo nyengo iliyonse. Ndiziyang'ana."

Veronika anaimbira foni a Timoteyo, mkulu wa mpingo wa kwawo, kuti auze adzukulu asakumbe manda. Anawapempha kuti mayi ake awauze zokhazo zakuti onse awiri ali moyo, zotsalazo adzanena yekha.

Anafika ku Chiosya masana, pa galimoto yaing'ono imene anakwera pa Kamwendo. Anthu anali atasonkhana pabwalo. Ataona kuti galimotoyo ilibe masamba kutsogolo ndiponso kumbuyo kulibe bokosi, amayi amene anayamba nyimbo ya maliro anaisiya pakati.

A Esitele anatuluka m'nyumba atagwira khoma. Anayang'ana galimoto, anayang'ana mlongo wawo. A Goodwin anali ataonda, jekete lachikopa likulendewera m'mapewa. Anayenda mpaka pakhonde n'kugwada pa dothi, chinthu chimene palibe anawaonapo akuchita.

"Chemwali, ndalephera," anatero. "Mwana tinamupeza. Machira ake ndinagonapo ndine."

A Esitele anaweramira kwa iwo. "Dzukani, achimwene, anthu akuona," anatero. "Lowani mukagone. Mukutsokomolabe."

A Timoteyo anawadzutsa n'kuwalowetsa m'nyumba. A Esitele anakhala pansi pakhonde, n'kukokera Veronika pafupi. Anatenga dzanja la bandeji lija n'kuliika pamiyendo pawo.

"Unamuona ndi maso ako?"

"Ndinamuona, amayi. Ndinatsika mpaka pamene wagona."

"Unamuuza?"

"Ndinamuuza kuti tiye kwathu."

"Panjira anakuvutani?"

Veronika anaganiza za mdima wobiriwira uja, ndi golovesi likugwa. Anaganizanso za chingwe chimene sichinaduke.

"Ayi," anatero. "Tayenda bwino."

A Esitele anapumira m'mwamba, n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anthu pabwalo ankadikira. Mayiwo sanawayang'ane.

"Awa adikire," anatero. "Undiuze ine kaye, ndipo usafulumire. Yamba ndi nkhope yake."